Injini ya boti ikakhalitsa osalira, musathamangire chingwe

Zikomo abambo ndi amayi, senderani pafupi kuti muziona zomwe ndikuloza. Injini ili apayi ndi ya two-stroke, yomwa petulo wosakaniza ndi oyilo, ya masilinda awiri, yakale ndithu, ndipo yakhala miyezi yambiri osalira. Pempho langa loyamba ndi lakuti musathamangire chingwe. Ambiri akangoitulutsa m'nyumba amafikira kukoka mpaka phewa kuwawa, osadziwa kuti pokokapo akulowetsa petulo wovunda ndi zinyalala m'kabuleta.

Chotsani kaye chivundikiro muone mkati. Makoswe amamanga zisa m'menemu ndipo amatafuna mawaya. Kenako masulani mapulagi onse awiri, giya ikhale pa nyutulo, mugwire flywheel, gudumu lolemera la pamwambali, ndi kulizunguza ndi manja molowera kumene mivi ya wotchi imalowera. Likakana kuzungulira, dzimbiri lagwira mapisitoni. Apa musatenge sipanala yaitali n'kukakamiza, muthyola maringi. Igonekeni injini mabowo a mapulagi ayang'ane kumwamba, thirani oyilo wa two-stroke masupuni ang'ono awiri m'silinda iliyonse, muisiye tsiku limodzi kapena awiri, kenako muzigwedeza gudumulo pang'onopang'ono mpaka limasuke. Ngakhale litakhala kuti likuzungulira bwino, dontheziranimo oyilo pang'ono, chifukwa mkatimo mwauma.

Tsopano petulo, ndipo apa nditayapo nthawi chifukwa injini zambiri zokhalitsa zimadwalira pomwepa. Petulo sasungika. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, mbali yake yopepuka, yomwe imagwira moto msanga, imauluka, ndipo wotsalayo amayamba kusanduka utomoni wachikasu womata. Mukanunkhiza mumva fungo ngati la vanishi. Petulo wosakanizidwa ndi ethanol amakokanso chinyezi cha mumpweya, madziwo n'kukhazikika pansi pa thanki, pomwepo pamene paipi imayamwira. Tsanulirani pang'ono m'botolo loonekera mkati, mudikire mphindi 10. Mukaona mzere wogawa pansi ndi pamwamba, apansiwo ndi madzi. Musanene kuti ndingowonjezera watsopano pamwamba. Khuthulani yense, mumusunge m'chigubu, osamutaya m'madzi kapena panthaka, ndipo thankiyo muitsukuluze ndi petulo watsopano.

Posakaniza, injini zambiri zimafuna 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena theka la lita pa malita 25. Zina zakale kwambiri zimafuna 25 kwa 1, mamililita 40 pa lita. Werengani pa chivundikiro kapena m'buku la injini yanu, ndipo oyiloyo akhale wolembedwa TC-W3, wopangidwira injini zozizira ndi madzi.

Tsegulani kabowo ka mpweya pa chitsekerero cha thanki. Kakakhala kotseka, petulo sayenda. Kampira kopopera aka kali ndi muvi, ndipo muviwo uziloza ku injini. Finyani kangapo mpaka kalimbe m'manja. Kakapanda kulimba, mwina paipi yang'aluka ikuyamwa mpweya, mwina timavalavu ta m'kampiramo tafa. Mukaona petulo akudontha pakamwa pa kabuleta, ndiye kuti kasingano ka mkati sikakutseka. Paipi yakale imasendeka mkati ngakhale kunja ikuoneka yabwino, choncho tsegulaninso sefa muone ngati muli tizidutswa takuda.

Tibwere ku moto. Musanaganize za koyilo, kachipangizo kotumiza moto ku pulagi, onani ngati kapanda ka chingwe chozimitsira injini, chija mumamanga pamkono, kali m'malo mwake. Popanda kameneka simudzaona moto ngakhale mutakoka tsiku lonse. Pukutani petulo yense wotayika, vekani pulagi kapu yake, chitsulo cha pulagiyo chigunde thupi la injini kutali ndi bowo lake, wina akoke chingwe. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuthetheka. Wachikasu wofooka ukhoza kuoneka panja koma mkati mwa silinda n'kuzima. Mpata wa kunsonga kwa pulagi muuyeze. Pa mapulagi a NGK omwe nambala yake imathera ndi 10, mpatawo ndi milimita imodzi. Ngati mbali zonse ziwiri zilibe moto, zulani waya wa switchi yozimitsira muyesenso. Moto ukabwera, yolakwa ndi switchiyo. Ngati mbali imodzi yokha ndiyo ilibe, sinthanitsani mapulagi. Vuto likasamuka ndi pulagi, gulani ina, likatsalira pomwepo yang'anani kapu, waya ndi koyilo. Injini zakale za Johnson ndi Evinrude zokhala ndi mapoyinti, tizitsulo togundana todula ndi kulumikiza magetsi a moto, pansi pa flywheel zimachita nguwi pa mapoyintipo zikakhalitsa. Apaleni ndi sandipepa yosalala, mpata wake ukhale theka la milimita.

Bambo kumbuyoko akufunsa za injini zolizira kiyi. Batire lodzaza limaonetsa mavoti 12.6 litapuma. Likatsika kufika 12.2, litchajeni kaye. Sitata ikamangoti "tha, tha" osazungulira, palani mitu ya batire ndi waya wopita ku thupi la injini mpaka ziwale, musanaimbe mlandu sitatayo.

Musanayese kuliza, mwendo wa injini ulowe m'madzi. Ngati muli pamtunda, dzadzani mgolo mpaka madzi apitirire chipepe cha pamwamba pa pulopela ndi masentimita 10 kapena 15. Impela, kachipangizo ka m'mwendomo kopopa madzi oziziritsa injini, ndi ya mpira, ndipo ikazungulira youma imapsa m'masekondi ochepa chabe.

Nayi njira yachidule yodziwira ngati vuto lili m'kabuleta. Thirani kasupuni ka petulo wosakaniza kale ndi oyilo pakamwa pa kabuleta, mukoke. Ikalira masekondi awiri kapena atatu n'kuzima, moto ulipo, mphamvu yopanikiza mpweya m'silinda ilipo, koma petulo sakudutsa. Mankhwala opopera olizira injini musawagwiritse ntchito pa two-stroke, chifukwa alibe oyilo ndipo amatsuka ngakhale wochepa yemwe anali m'makoma a silinda.

Kabuleta muimasulire pa nsalu yoyera, ndipo ngati muli ndi foni jambulani musanachotse kalikonse. Pansi pake pali kambale momwe petulo amadikirira. Mmenemo ndimo mupeze utomoni uja, mwinanso ufa woyera wobwera ndi madzi. Muli majeti awiri amkuwa, timabawuti ta mabowo todutsamo petulo. Yaikulu imagwira ntchito injini ikamathamanga. Yaing'ono ndiyo yolizira ndi yoyendetsa injini pang'onopang'ono, ndipo bowo lake ndi lopyapyala ngati singano, n'chifukwa chake imayamba ndiyo kutsekeka. Chizindikiro chake n'chodziwika: injini imalira mukakoka choki, mukangobweza imazima. Vikani majetiwo m'mankhwala otsukira kabuleta, muboole ndi kaulusi kamodzi ka mkuwa kochokera m'waya wamagetsi, muuziremo mpweya, kenako muyang'anitse ku dzuwa. Kuwala kuoneke kozungulira bwinobwino. Singano kapena waya wachitsulo ayi, umakulitsa bowo ndipo injini imayamba kumwa petulo mopitirira muyeso. Kasikuluwu kosinthira mpweya ndi petulo musangokazula. Kamangeni mofatsa mpaka kagunde uku mukuwerenga kuti kazungulira kangati, mulembe, kuti pobwezera mukabweze chimodzimodzi. Tsukaninso timayenje ta m'thupi la kabuleta, muone ngati choyandama cha m'kambale chikukwera ndi kutsika momasuka, ndipo nsonga ya kasingano kake isakhale ndi mzere wodyeka.

Nthawi zina petulo amachita kuchuluka. Mukamasula pulagi n'kuipeza yonyowa, injini yakhuta. Umitsani mapulagi, bwezani choki, tsegulani chogwirira chowonjezera liwiro, mukoke kasanu kapena kasanu ndi kamodzi.

Moto ulipo, kabuleta ndi yoyera, koma sikulirabe? Yezani mphamvu yopanikiza mpweya m'silinda ndi geji, mapulagi onse atachotsedwa. Two-stroke yabwino imaonetsa pafupifupi 90 mpaka 130 psi, koma chofunika kwambiri n'chakuti masilinda asasiyane kupitirira 10 pa 100. Ina ikatsika kwambiri, maringi amatirira kapena gasiketi yapsa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko.

Ikalira, maso anu apite ku kamtsinje ka madzi kotuluka kumbuyo. Pakatha theka la mphindi osaoneka, zimitsani. Tokosani kabowoko ndi kachingwe ka nayiloni, chifukwa mavu amakonda kumatamo dothi. Madzi akapanda kutulukabe, timapiko ta impela taumira mbali imodzi kapena tathyoka. Kunena zoona, injini yomwe yakhala chaka chathunthu ndi bwino kungoisinthiratu impela, ndipo ngati tina tathyoka mufufuze zidutswa zake, zingakatseke njira ya madzi. Pomwe mwendo uli pafupi, masulani pang'ono bawuti wa pansi wa oyilo wa giya. Akatuluka woyera ngati mkaka, madzi alowa, ndipo mwina zotsekera za kuseri kwa pulopela zikufunika kusintha. Oyilo watsopano mumulowetsere pa bowo la pansi mpaka atulukire pa la pamwamba, mutseke la pamwambalo kaye, kenako la pansi.