Nsomba za m'madzi ozizira nazonso zimadwala

Zikomo a mfumu potipatsa bwaloli. Amayi ndi abambo amene muli ndi madamu a nsomba kunsi kwa phiri la Zomba lino, ambiri mumapatutsa madzi a m'mitsinje yochokera pamwambapa, ndipo ndimamva ena akunena kuti madzi oyera ndi ozizira chonchi sangakhale ndi matenda. Ayi ndithu, alimo.

Pali kachirombo kotchedwa Ich. Nsomba imene kaigwira imatuluka timadontho toyera ngati yawazidwa mchere, imadzikhula pa miyala, ndipo imavutika kupuma. Kachiromboka kakakhuta kamagwera pansi pa damu n'kuswana mazanamazana, ana ake n'kuyamba kusaka nsomba zina. Tsono mvetsetsani apa. M'madzi ofunda kamamaliza zonsezi m'masiku ochepa, koma m'madzi ozizira ngati athuwa kamatenga milungu ingapo. Ndiye mbewu ya makumba kapena chilunguni imene mwagula ingaoneke yabwinobwino lero, matenda n'kudzabuka mutaisakaniza kale ndi zanu.

Enanu munang'ambapo usipa n'kupeza nyongolotsi yoyera yaphwatalala itadzaza mimba. Dzina lake ndi Ligula. Mazira ake amagwera m'madzi ndi zitosi za mbalame zodya nsomba, tizilombo tating'onoting'ono ta m'madzi timameza ana ake, nsomba n'kudya tizilomboto, mbalame n'kudya nsombayo. Matumbo a nsomba mukawataya m'mbali mwa damu, mukuitana mbalamezo kuti zipitirize ntchito. Akwirireni.

Tibwere pa trout, nsomba yachilendo ija imene azungu anaika m'mitsinje ya pamwamba pa Zomba ndi ku Nyika m'nthawi ya atsamunda. Kumaiko kumene ili yambiri kuli matenda amene amaipangitsa kuzungulirazungulira ikamasambira, msana n'kupindika, mchira n'kuda. Kachirombo kake, Myxobolus cerebralis, kamadya chichereŵechereŵe cha tiana ta nsomba. Kanachokera ku Ulaya, kanafika ku America m'ma 1950, ndipo m'ma 1990 kanapha trout zambiri mumtsinje wa Madison ku Montana. Mu 2016 kanapezeka m'nyanja ya Johnson m'mapiri a Banff ku Canada. Kanawoloka bwanji nyanja yamchere? Anthu. Kamayenda ndi nsomba zimene anthu amasamutsa, komanso m'matope omatirira ku nsapato ndi ku maukonde.

Ife tinazionera pafupi mu 2020, pamene nsomba zinayamba kutuluka zilonda ku Mchinji. Chimene chija chinali nkhungu ya m'madzi, koma njira yofalira ndi yomweyo.

Nkhani yobwerekana ukonde ndikudziwa kuti ndi yovuta, chifukwa kumana mnzako kumaoneka ngati nkhanza. Bwerekanani, koma ukondewo muutsuke, muuyanike padzuwa mpaka uume gwaa, kenako ulowe m'damu lina. Mbewu yatsopano ikhale payokha m'kadamu kakang'ono kwa mwezi wathunthu. Mukakolola, phwetsani damu, lipse ndi dzuwa mpaka pansi pang'ambike, muwaze laimu. Ndipo inu a kumtunda, madzi otuluka m'damu la nsomba zodwala musawabwezere mumtsinje, akumunsi akutunga omwewo.

Amayi kumbuyoko mwafunsa ngati nsomba yanyongolotsi imadyedwa. Chotsani zam'mimba, muphike ipse bwinobwino. Koma imene mwaipeza yafa yokha kapena ili ndi zilonda, ikwirireni kutali ndi madzi, ndipo muuze alangizi a za nsomba tsiku lomwelo.