Mtsempha woikirira ukagwidwa ndi tizilombo

Zikomo a Gulupu, mafumu, amayi ndi abambo a kuno ku Lobi.

Mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena kung'ambika, madokotala a opaleshoni amatha kusokererapo kapaipi kopangidwa ndi pulasitiki wapadera wotchedwa Dacron kapena PTFE kuti magazi azidutsamo. Ena odwala impso, amene amatsukidwa magazi ndi makina, amawaikanso kapaipi kotere pamkono.

Vuto lake n'lakuti kapaipiko kalibe moyo. Kalibe timitsempha tobweretsa asilikali a m'thupi. Tizilombo totchedwa Staphylococcus, timene timakhala pakhungu lathu lomweli, tikakakamirapo timadzikuta ndi zonanda ngati ndere pamwala wa kumtsinje. Mankhwala akumwa kapena a jakisoni amalephera kulowa bwino m'zonandazo. Malo amene amavuta kawirikawiri ndi mphechepeche, poti m'motentha ndiponso mumachita thukuta.

Ndiye madokotala amapititsa mankhwala pamalo penipenipo. Amatsegula bala ku fiyeta, kuchotsa mafinya ndi mnofu wonse wakufa, n'kutumiza zina ku labu kuti adziwe mtundu wa tizilomboto. Akatero amaikamo timikanda ta simenti yolumikizira mafupa, yosakaniza ndi mankhwala opha tizilombo otchedwa vancomycin kapena gentamicin. Timikandato timatulutsa mankhwala pang'onopang'ono pompo, ndipo pakapita masiku amatichotsa kapena kuikamo tina. Zikavuta, amachotsa kapaipi konseko n'kuika katsopano konyikidwa mu rifampicin. Amenewa ndi mankhwala omwe aja a TB ofiiritsa mkodzo. Ngakhale zili choncho, wodwalayo amalandirabe mankhwala a m'diripi kapena akumwa kwa milungu ingapo.

Tsono wina asachoke pano n'kumati adokotala avomereza zothira kapisozi pabala. Ndimakuonani mukugula makapisozi pagolosale, kuwatsegula, n'kuwaza ufa wake pachilonda, pamwamba nsanza. Zimenezo n'zosiyana kutalitali. Bala silinatsukidwe, mtundu wa tizilombo simukuudziwa, mlingo ndi wongoganizira. Tizilombo topulumuka timazolowera mankhwalawo, ndipo tsiku limene mudzawafunedi sadzagwira ntchito.

Ngati kwanu kuli munthu amene anamuika mtsempha wotere, muziyang'ana pachipsera. Pakafiira, kutupa, kutuluka mafinya, kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala cha boma ku Dedza tsiku lomwelo, mutatenga buku lake la kuchipatala. Akaona kuti n'zofunika opaleshoni amutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Pakadontha magazi, ngakhale pang'ono chabe n'kusiya okha, musadikire kuti kuche. Kawirikawiri kumeneko n'kuyamba kumasuka kwa msoko. Dinikizani ndi nsalu yoyera, pezani galimoto.