Makalata a Omvera: Buku Lophikira Lopanda Nyama, Mkaka ndi Mazira

Takulandirani omvera athu ku nthawi ya makalata. Sabata yatha ndinangotchula modutsa kuti womvera wathu wina watulutsa buku la maphikidwe opanda nyama, mkaka kapena mazira, osadziwa kuti ndaputa mavu. Makalata abwera mulu, ena oyamikira, ena odabwa, ena okalipa ndithu. Mwini bukuyo nayenso walemba, ndiye tiyambire pomwepo.

Akuti: "Moni bambo muulutsi. Ndine mayi uja munamutchula. Buku langa latuluka patatha zaka zitatu ndikulemba usiku ana akagona. Muli maphikidwe 64, ndipo mwa onsewo mulibe nyama, nsomba, mkaka, batala, mazira kapena uchi. Tsiku lokhazikitsa bukuli ndinagwetsa misozi. Ndinaphika keke ya chokoleti yopanda dzira, ndipo amalume anga, amene akhala akundiseka kuyambira pachiyambi, anadya zidutswa ziwiri n'kufunsa ngati yatsalako yoti akawapatse azakhali. Koma chimwemwe chija sichinachedwe. Sabata yoyamba abale ndi anzanga anagula, pano makatoni angoti phee kunsi kwa bedi. Chinanso, ndapeza cholakwika pa tsamba 41: pa supu ya mphodza palembedwa masupuni aakulu awiri a mchere m'malo mwa masupuni a tiyi awiri. Tulo sindikuliona. Ndichitenji kuti bukuli lidziwike? Nanga cholakwikachi ndingochisiya, mwina anthu sachiona?"

Mayi, choyamba landirani m'manja mwathu kuno ku situdiyo. Anthu onena kuti tsiku lina adzalemba buku ndi ambiri, ine mmodzi wa iwo, koma inu mwalemba, mwasindikiza, ndipo lilipo loti munthu n'kuligwira. Dzina la bukulo sinditchula, mukudziwa kuti nthawi ino si ya malonda ndipo akuluakulu a pano angandikoke khutu, koma mafunso anu ndiyankha onse.

Tiyambe ndi mcherewo, chifukwa ndi umene sungadikire. Supuni yaikulu ndi mamililita 15, ya tiyi ndi 5. Ndiye kuti wotsatira tsamba 41 mokhulupirika athira mchere kuwirikiza katatu. Maso mwina sadzachiona cholakwikacho, koma lilime lidzachimva, ndipo munthuyo sadzaganiza za osindikiza. Adzangoti zakudya zopanda nyamazi n'zoipa, n'kuponya bukulo pamwamba pa kabati. Musabise ayi. Dindani kapepala kakang'ono kokonza mzerewo, mukaike m'buku lililonse limene lili m'makatonimo, amene anagula kale muwatumizire uthenga, ndipo posindikiza kachiwiri mukonze. Osindikiza mabuku amachita zimenezi kuyambira kalekale, palibe chamanyazi. Mwinanso uthengawo ukumbutsa ena kuti ali ndi buku limene sanalitsegulebe.

Tsono za kulengeza. Ine ndikuona kuti yankho mwalilemba kale m'kalata mwanumu, ndi amalume anu aja. Zaka zitatu mawu anu sanawatembenuze, koma keke inawagonjetsa m'mphindi zisanu. Mabuku ambiri a mtundu umenewu amalengezedwa ngati ulaliki: nyama zikuzunzika, dziko likuwonongeka, thupi lanu likudwala. Zifukwa zimenezo zilipo ndipo kwa ena n'zazikulu, koma munthu amene wangochoka kuntchito ali ndi njala safuna kumva kuti ndi wochimwa. Akufuna adziwe chimene aphike usiku uno, ngati zofunikazo azipeza, ndiponso ngati ana adya. Choncho kulikonse kumene mukupita ndi bukulo, pitani ndi mphika. Anthu alawe kaye, bukulo alione pakamwa pakadali kukoma.

Pa Facebook ndi WhatsApp musamangoika chithunzi cha chikuto tsiku ndi tsiku, anthu chimawakola. Jambulani kakanema kafupi ka manja anu akuphika chinthu chimodzi kuyambira pa anyezi mpaka m'mbale. Perekani maphikidwe awiri kapena atatu ulere, athunthu, osabisako kanthu. Amene ayesa n'kumuyendera bwino ndi amene adzafune 61 otsalawo. Ndipo pemphani ogula akutumizireni zithunzi za zimene aphika, ngakhale zopindika, chifukwa mbale ya munthu wamba imakopa kuposa chithunzi chowala cha katswiri. Palinso nyengo ziwiri zimene nkhani imeneyi imamveka yokha. Pa 1 November ndi tsiku lokumbukira kadyedwe kameneka padziko lonse, lomwe linayamba mu 1994. Ndipo mu January kuli Veganuary, imene inayambira ku Britain mu 2014, pamene anthu amayesa kukhala mwezi wathunthu osadya chochokera ku nyama. Oyesa oterowo ndi amene amasowa chophika pofika tsiku lachinayi. Makatoni anuwo akhale atatuluka kunsi kwa bedi nthawi imeneyo isanakwane.

Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo amene angodzitchula kuti mphunzitsi wopuma. Awa sanabwere ndi maluwa. Akuti: "Akulu, mukutitaya. Kuphika nyemba ndi masamba kukufunikanso buku? Anthu osauka padziko lonse amadya zopanda nyama tsiku lililonse popanda mwambo kapena kuwomba m'manja. Ndipo mawu akuti vegan amenewa atuluka kuti? Ife tinkadziwa vegetarian basi. Kodi si fashoni chabe ya ana a pa intaneti?"

Aphunzitsi, pa mfundo yoyamba ndikugwirizana nanu theka. N'zoona kuti anthu ochuluka amadya zomera zokhazokha masiku ambiri, osati mwa kufuna koma chifukwa cha thumba, ndipo wolemba buku lotere azikumbukira zimenezo asanayambe kudzitama. Koma buku lili ndi ntchito yake. Kuwiritsa nyemba aliyense amatha. Nanga keke ikwera bwanji popanda dzira? Supu ikhala bwanji yonona popanda mkaka? Apo ndi pamene munthu amafuna wina amene anayesa kakhumi n'kulemba miyeso yake.

Za fashoni ya ana a pa intaneti ndiye mwaphonya, pepani. Mawuwa ndi a chaka cha 1944, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanathe. Donald Watson, amene anali mphunzitsi mnzanu, wophunzitsa ukalipentala mumzinda wa Leicester ku England, pamodzi ndi anzake ochepa anayambitsa bungwe la The Vegan Society mu November chaka chimenecho. Anatenga zilembo zitatu zoyambirira ndi ziwiri zomalizira za mawu akuti vegetarian, n'kutuluka vegan. Kusiyana kwake n'kwakuti vegetarian amasiya nyama ndi nsomba koma ambiri amamwa mkaka ndi kudya mazira, pamene vegan amasiya chilichonse chochokera ku nyama. Watson anamwalira mu 2005 ali ndi zaka 95. Sindikuti kadyedweko ndi kamene kanamufikitsa pamenepo, enanso amafika zaka zimenezo akudya nyama, koma mwana wa pa intaneti sanali.

Iyi ndi yaifupi, yochokera kwa mtsikana wa kusekondale: "Uchi walakwanji? Njuchi siziphedwa." Mwanawe, ambiri otsata kadyedweka amati uchi ndi chakudya chimene njuchi zadzipangira zokha, ndiye amausiya n'kumagwiritsa ntchito shuga, madeti kapena manyuchi ochokera ku zomera. Ena amatsutsana nazo, ndipo mkanganowo sutha lero. Chimene chimadzidzimutsa ambiri si uchi koma jelatini, uja amalimbitsa jele ndi maswiti ena ofewa. Amachokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. M'malo mwake ophika amagwiritsa ntchito agar, wochokera ku ndere za m'nyanja.

Tsopano kalata imene ndaiwerenga kawiri, yochokera kwa namwino amene ali ndi ana atatu. Akuti: "Ndikuyamikira mayi walemba bukuyo, koma ndili ndi nkhawa. Ndaonapo mabuku otere odzaza ndi zithunzi zokongola koma osatchula vitamini B12 ngakhale kamodzi. Chonde auzeni omvera zoona, makamaka amayi oyembekezera ndi oyamwitsa."

Anamwino, mwachita bwino, ndipo pano sindiseka. Vitamini B12 amapangidwa ndi mabakiteriya, zomera sizimupanga. Anthu ambiri amamupeza mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Wasiya zonsezi ayenera kumwa mapiritsi ake kapena kudya zakudya zimene anaziwonjezera vitaminiyu kufakitale, monga mkaka wina wa soya, ndipo aziwerenga pa paketi kuti atsimikize. Thupi limafuna wochepa kwambiri, mamaikulogalamu awiri ndi kachidutswa pa tsiku kwa munthu wamkulu, koma akasowa zotsatira zake si zamasewera: kuchepa magazi, kutopa, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kuiwalaiwala, ndipo mitsempha ikawonongeka kwambiri nthawi zina sibwerera mwakale. Chonyenga chake n'chakuti chiwindi chimasunga vitaminiyu kwa zaka, ndiye munthu amatha chaka choyamba ndi chachiwiri akudzimva bwino n'kumati madokotala amakokomeza. Khanda loyamwa kwa mayi wosowa B12 lilibe nkhokwe yotero, limavutika msanga. Mayi woyembekezera, woyamwitsa kapena wolera ana aang'ono pa kadyedwe kameneka akambirane ndi achipatala.

Zomanga thupi, zimene anthu amafunsa kwambiri, si zovuta chotero. Nyemba, mphodza, tchana, soya, mtedza ndi mbewu monga mpunga ndi tirigu zikamasinthana pa tsiku zimakwanira. Ayironi wa m'zomera thupi limavutika kumutenga poyerekeza ndi wa m'nyama, koma vitamini C amathandiza, choncho kufinyira ndimu pa masamba kapena kudya chipatso pa chakudya chomwecho kuli ndi phindu, pamene tiyi ndi khofi zimatchinga, ndi bwino kumwa patapita nthawi. Mayi wa buku uja, ngati tsamba lonena zimenezi mulibe m'buku mwanu, kapepala kokonza mchere kaja kakhale ndi mbali ziwiri. Ndikunena izi mokukondani. Buku lophikira la mtundu umenewu likangokhala chete pa B12, ine sindingalipereke kwa mlongo wanga.

Yomaliza yandiseketsa m'mawa wonse. Mnyamata wina wophunzira zophikaphika akuti: "Achimwene, ndinamva kuti madzi a tchana amachita thovu ngati choyera cha dzira. Ndapuntha ndi foloko mpaka mkono kuwawa, thovu osabwera. Anzanga akundinena kuti ndapenga. Kodi anandinamiza?"

Sanakunamize mphwanga. Madzi amenewo amatchedwa aquafaba, dzina lochokera ku mawu awiri a Chilatini otanthauza madzi ndi nyemba, ndipo linatchuka mu 2015 ophika atazindikira kuti amatha kulowa m'malo mwa dzira. Tchana chikamawira, mapuloteni ndi sitachi zina zimasungunukira m'madzimo, ndipo ndi zimene zimagwira mpweya ukamapuntha. Ine ndinayesapo kunyumba, koyamba zinakanika ngati iwe, ndipo vuto linali mbale. Inali ndi kamafuta kotsalira kosaoneka ndi maso, ndipo mafuta ndi mdani wa thovu. Tsuka mbale ndi chopunthira bwinobwino, upukute ziume. Chachiwiri, madziwo akhale olemerera, onanda pang'ono ngati choyera cha dzira chenicheni. Ngati wawiritsa wekha tchanacho ndipo madzi ali tsululu, abwezere pamoto aphwereko, kenako uwasiye azizire. Donthezamo madzi a ndimu pang'ono kuti thovu lilimbe, ndipo shuga uthire pang'onopang'ono thovu litayamba kale kuima. Koma foloko ija isiye. Bwereka makina opunthira, apo ayi mkonowo uthothoka thovu lisanabwere. Pa muyeso, masupuni aakulu atatu amalowa m'malo mwa dzira limodzi lathunthu, awiri m'malo mwa choyera chokha. Ngati ukungofuna chomata keke kuti isanyenyeke, osati thovu, pali njira yosavuta: supuni yaikulu imodzi ya njere zopera za flax, tinjere tating'ono tamafuta ta chomera cha fulakesi, ndi masupuni aakulu atatu a madzi, uzisiye mphindi zingapo zinande.

Mnzanga wa pa makina akundilozera wotchi. Makalata atatu ofunsa za tofu, chakudya chopangidwa poumbitsa mkaka wa soya, ndawaika pambali, tidzayamba nawo sabata yamawa, pamodzi ndi ya bambo amene akudandaula kuti akazi awo anasintha mkaka wa m'nyumba osawauza ndipo iwo anazindikira patatha milungu iwiri. Mnyamata wa tchana, utilembere ngati thovulo laima. Ndipo amene muli ndi buku la mayi uja, tsamba 41, masupuni a tiyi awiri. Tsalani bwino.