Budapest: Phiri la Mafumu, Mtsinje wa Danube ndi Bodza la Mikango Yopanda Malilime

Takulandirani nonse owonera athu. Lero tili mu mzinda wa Budapest, likulu la dziko la Hungary, ndipo tiyenda limodzi kuchokera pamwamba pa phiri la Buda mpaka kutsidya la mtsinje wa Danube. Musachoke msanga, chifukwa pa mfundo yachitatu pali bodza limene lakhala likundisowetsa mtendere, ndipo lero ndikufuna tilithetse.

Mwachidule, Budapest unali mizinda itatu, Buda, Óbuda ndi Pest, imene inaphatikizidwa m'chaka cha 1873. Buda ndi mbali ya mapiri, pamene Pest ndi chigwa. Ndalama ya kumeneko ndi forint, osati yuro.

Choyamba, kwerani phiri. Pali kasitima kokokedwa ndi chingwe kotchedwa Sikló, kamene kanayamba kuyenda mu 1870, koma nthawi zambiri mzere wake umakhala wautali, choncho mukhoza kukwera basi nambala 16 kapena kuyenda wapansi ngati miyendo ikulola. Nyumba ya mafumu imene ili pamwambapo lero imasunga zojambula za dzikolo, zinthu zakale za mzindawo ndiponso laibulale yaikulu.

Chachiwiri, pitani ku tchalitchi cha Matthias, chimene chinasandutsidwa mzikiti pamene Aturuki ankalamulira Buda kuyambira 1541 mpaka 1686. Pafupi pomwepo pali nsanja zoyera za Halászbástya, zimene zimaoneka zakalekale koma zinamangidwa pakati pa 1895 ndi 1902. Fikani m'mamawa anthu asanachuluke. Ngati kanemayu akukuthandizani, dinani chizindikiro cha chala chachikulu pompano, chifukwa n'chimene chimachititsa kuti afike kwa anthu ena.

Chachitatu, tsikani phiri mufike pa mlatho wa Széchenyi, umene ambiri amautchula kuti Chain Bridge. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mlathowu unatsegulidwa mu 1849, ndipo unali woyamba wokhazikika wolumikiza Buda ndi Pest. Anaujambula ndi William Tierney Clark wa ku England, ndipo ntchito yomanga anaiyang'anira ndi Adam Clark wa ku Scotland, amene sanali m'bale wake ngakhale kuti dzina likufanana. Kumapeto onse awiri a mlathowu kwagona mikango inayi ya miyala, yosemedwa ndi János Marschalkó.

Nkhani imene alendo amauzidwa ndi yakuti pa tsiku lotsegulira mlatho, mnyamata wina anafuula kuti mikangoyo ilibe malilime, khamu lonse linaseka, ndipo wosemayo chifukwa cha manyazi anadziponya mu Danube n'kufa. Ndaimva nkhaniyi ikukambidwa pa mlatho pomwepo, ndaiona m'makanema ambirimbiri pa intaneti, ndipo anthu amaimvetsera akugwedeza mitu mwachisoni. Owonera athu, nkhaniyi ndi yabodza kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Tiyambe ndi zaka. Mlatho unatsegulidwa mu 1849, koma mikango inaikidwapo mu 1852. Kodi mnyamatayo anaseka chiyani pa tsiku lotsegulira, pamene mikangoyo inali isanafike n'komwe? Tibwere kwa wosemayo. Marschalkó sanamire mu mtsinje. Anakhala ndi moyo zaka zina zoposa makumi awiri, akupitiriza ntchito yake yosema yokongoletsa nyumba zikuluzikulu. Tsono malilimewo: alipo. Mikangoyo inagona pamwamba pa zipilala zazitali, ndipo munthu woima pansi amaona chibwano ndi mano okha, pamene lilime lagona m'kamwa kuseri kwa mano. Amene anaonapo mkango ukupumula ku Liwonde kapena ku Luangwa akudziwa kuti sukhalira kulendewetsa lilime ngati galu wotopa. Wosemayo anaidziwa bwino nyama imene ankasema, ndipo amene analakwitsa ndi oyang'ana ali pansi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti bodzali limaphimba nkhani yeniyeni, imene ndi yaikulu kuposa nthanoyo. Mu Januwale 1945, chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, asilikali a Germany pothawa anaphulitsa mlathowu, ndipo unagwera m'madzi n'kutsala nsanja zake zokha. Mikango ija inapulumuka. Mlatho unamangidwanso n'kutsegulidwa mu 1949, patatha zaka 100 chiutsegulireni koyamba. Munthu amene ntchito ya manja ake inapirira nkhondo yoteroyo sayenera kukumbukiridwa ngati wolephera amene anadzipha chifukwa chosekedwa. Ngati wina wotsogolera alendo anakuuzanipo nthano imeneyi, lembani m'munsimu kuti munaimva liti, ndipo mumutumizire kanemayu mnzanu amene amaikhulupirirabe.

Chachinayi, wolokani mlatho wapansi, mukhotere kumanzere, muyende m'mbali mwa mtsinje kulowera ku Nyumba ya Malamulo, imene inamalizidwa mu 1904 ndipo denga lake lalitali limafika mamita 96. Musanafike, mupeza nsapato zachitsulo mapeya 60 zili m'mphepete mwa madzi. Zinaikidwa mu 2005 pokumbukira anthu, makamaka Ayuda, amene anawomberedwa pamenepo ndi gulu la Arrow Cross, chipani cha ku Hungary chogwirizana ndi a Nazi a ku Germany, mu 1944 ndi 1945 atawalamula kuti avule nsapato. Ndikupempheni mwaulemu kuti pamalo amenewa musakhalepo n'kumajambulitsa mukuseka, ndipo musalowetse phazi mu nsapatozo.

Chachisanu, dzuwa likamalowa kwerani tramu (sitima yamagetsi yoyenda m'misewu) nambala 2, imene imayenda m'mbali mwa Danube, kuti muone phiri lonse la Buda nyali zitayaka.

Sabata yamawa tikalowa m'maiwe a madzi otentha a mu mzinda womwewu, ena mwa iwo omangidwa m'nthawi ya Aturuki. Dinani batani lolembetsa ndi kabelu kuti kanemayo asakupiteni.