Bugøynes, mudzi umene unadziika m'nyuzipepala

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli ku Ndirande, ku Joni kapena kuno kozizira ku Norway. Lero za mapepala ndi za ntchito tizisiye kaye. Ndikufuna ndikuuzeni za kamudzi kotchedwa Bugøynes, kumpoto kwenikweni kwa Norway, komwe ndinapita ndi mnzanga wa kuntchito titapeza tchuthi.

Kuchokera ku tauni ya Kirkenes ndi makilomita pafupifupi 100. Mukapatuka pamsewu waukulu wa E6, mitengo imayamba kuchepa mpaka kutheratu, kungotsala miyala, udzu waufupi ndi nyanja ya Varanger. Msewuwo unafika kumeneko m'chaka cha 1962. Kale anthu ankadalira boti basi. Okhalako ndi pafupifupi 200, ndipo ukalowa m'sitolo umamva nkhalamba zikucheza m'Chifinishi, osati m'Chinorweji.

Makolo awo anachokera ku Finland m'zaka za m'ma 1800. Kwawoko kunagwa njala yoopsa kuyambira 1866 mpaka 1868, mbewu zitapsa ndi chisanu, ndiye anthu ambiri anayenda wapansi kulowera kumpoto chifukwa anamva kuti kunyanja kuli nsomba. Ine nditamva zimenezi ndinaseka ndekha. Ndiye kuti matchona sanayambe ndi ife ayi! Awa ndi azungu, koma chinawachotsa kwawo ndi mimba yomweyi.

Chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya chilankhulo. Kwa zaka zambiri boma la Norway linkafuna kuti Akveni, omwe ndi mbadwa za Afinishi amenewa, pamodzi ndi Asami, omwe ndi eni nthaka a kumpotoko, asiye zilankhulo zawo. Kusukulu mwana ankayenera kuyankhula Chinorweji chokha. Gogo wina amene anatipatsa khofi anandiuza kuti iwo anakula akuyankhula Chifinishi kukhitchini, koma ana awo sanawaphunzitse bwino poopa kuti azikasekedwa. Boma linadzavomereza Chikveni ngati chilankhulo pachokha mu 2005, pamene ambiri ochidziwa anali atakalamba kale. Agogowo anandifunsa kuti, nanga inu mwana wanu mumamuyankhula chiyani? Abale, wanga ndikamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chinorweji, ndipo akaimba foni agogo ake aku Dedza, amangoti "ndili bwino" n'kundibwezera foni. Palibe boma limene latiletsa ife. Ndi kutopa chabe pochokera kuntchito.

Nyumba zakale zamatabwa zikadalipo, ndipo m'chigawo chimenechi cha Finnmark ndi chinthu chosowa. Mu 1944, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a Germany pothawa anatentha pafupifupi chigawo chonse cha Finnmark, koma Bugøynes inapulumuka.

Tsono mverani izi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nsomba zinasowa, fakitale ya nsomba inatsekedwa, ntchito zinatha. Mu 1989 anthu a m'mudzimo analemba chilengezo m'nyuzipepala ya Dagbladet kufunsa ngati kuli dera lililonse kummwera lomwe lingawalandire onse pamodzi. Mudzi wonse kufuna kusamuka ngati banja limodzi! Sanasamuke. Chimene chinadzawathandiza ndi nkhanu zikuluzikulu zimene poyamba ankazitukwana chifukwa zinkawaonongera maukonde. Nkhanuzi si zakuno: asayansi a Soviet Union anazitenga kunyanja ya Pacific m'zaka za m'ma 1960 n'kuzitaya kufupi ndi mzinda wa Murmansk ku Russia, ndipo zinaswana n'kuyenda pansi pa nyanja mpaka kulowa Norway. Iwalani nkhanu za m'dambo zija. Iyi ikatambasula miyendo imaposa mita, ndipo mwendo umodzi ndi ndiwo zokwana. Lero zimatumizidwa zamoyo pa ndege kupita ku Asia ndi kwina, ndipo mtengo wake mulesitilanti, ine ndi mnzanga tinangogawana mbale imodzi.

Za sauna ndingonena mwachidule. Umakhala m'kanyumba kotentha mpaka thukuta kamukamu, kenako akuti thamanga ukadumphire m'nyanja. Mnzanga anadumpha. Ine ndinaviika mapazi, ndinamva ngati andibaya ndi singano, ndinabwerera.

Mukafuna kupitako, pitani mu June kapena July pamene dzuwa silimalowa n'komwe, koma jekete musasiye chifukwa mphepo ya kunyanjako siyang'ana kalendala. Ndipo sungitsani malo ogona msanga, chifukwa nyengo imeneyo Afinishi amabwera ndi magalimoto awo ambirimbiri. Sabata yamawa tikamba za misonkho, paja ambiri mwakhala mukufunsa. Tsalani bwino.