Ufa woyera utatu, manambala atatu: ma carbonate amalowa pati mu tarifi ya kasitomu?

[Pa tebulo pali mbale zitatu za ufa woyera]

Muli bwanji abale anga, a ku Mbare, a ku Mufakose, a ku Dzivarasekwa kuno ku Harare, ndi inu amene mukuonera muli kumudzi. Taonani mbale zitatuzi, yoyamba muli soda ash, yachiwiri calcium carbonate, yachitatu lithium carbonate. Ndi maso simungasiyanitse, zonse zoyera mbee, koma thiraki ikafika nazo pa boda ya Beitbridge kapena ya Nyamapanda a kasitomu amati ndi katundu wosiyana, aliyense ndi nambala yake. Ndikulankhula makamaka ndi inu amene mumapanga sopo waufa, penti kapena mankhwala otsukira uko ku Msasa ndi ku Graniteside, amene mwatopa kugula kwa ma holoselo ndipo mukufuna kuitanitsa nokha.

Mawu akuti carbonate asakuopseni, mumadya kale zimenezi. Agogo athu akafuna kuphika therere ankaotcha zitsononkho kapena makoko a nyemba, phulusa lija n'kuthira madzi kuti lizidontha pang'onopang'ono, chidulo chapezeka. Mphamvu ya chidulo kwambiri ndi potassium carbonate. Soda wa m'kapaketi uja amayi amatsina n'kuponya m'poto ndi sodium bicarbonate. Banja limodzi onsewa.

Tsopano nambala ija imachokera kuti? Pali bungwe ku Brussels, World Customs Organization, lomwe limasunga buku lotchedwa Harmonized System, mwachidule HS. Linayamba kugwira ntchito mu 1988 ndipo mayiko oposa 200 amaligwiritsa ntchito, a ZIMRA, otolera msonkho kuno ku Zimbabwe, ndi a MRA kwathu ku Malawi amawerenga buku lomwelo. Manambala 6 oyambirira ndi ofanana kulikonse, awiri oyamba ndi chaputala, awiri otsatira ndi hedingi, awiri otsiriza amasankha chinthu chenichenicho, kenaka dziko lililonse limaonjezera ake kumapeto, kuno timafika 8.

[Pa sikirini: 28.36]

Chaputala 28 ndi cha makemikolo osachokera ku zamoyo, ndipo ma carbonate nyumba yawo ndi 28.36. Soda ash, dzina la m'buku disodium carbonate, ali pa 2836.20. Soda wa therere uja 2836.30. Potassium carbonate 2836.40, calcium carbonate 2836.50, barium 2836.60, lithium 2836.91, strontium 2836.92, ndipo zotsala zonse monga ammonium bicarbonate ndi sodium percarbonate zimaunjikana pa 2836.99. Mukapeza buku lakale muona 2836.10 ndi 2836.70, chonde musalembe zimenezo, anazichotsa mu 2007. Bukuli limasinthidwa pakapita zaka zingapo, ndiye kope la amalume la m'kabati likhoza kukulakwitsani.

Choyamba chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawu akuti soda. Ifeyo chilichonse timangoti soda. Koma soda ash wopangira galasi ndi sopo waufa, amene wambiri m'chigawo chino amachokera ku Sua Pan ku Botswana kumene kuli kampani ya Botash, si soda wophikira, kusiyana kwake ndi 20 ndi 30 kumapeto kwa nambala. Ndiye pali wachitatu, caustic soda, uja amaotcha manja popanga sopo wamtanda, ameneyo si carbonate n'komwe, ndi sodium hydroxide ndipo amakhala kwina pa 28.15. Mukangotumiza uthenga pa WhatsApp kwa ejenti wanu kuti "achimwene ndili ndi matumba 200 a soda" mwamupatsa ntchito yolosera, ndipo akalosera molakwa dzina lolembedwa pa bill of entry, fomu yolowetsera katundu ku kasitomu, ndi lanu.

Apa ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwa: calcium carbonate.

[Akukweza mbale yachiwiri]

Ufa uwu opanga penti, mapaipi a pulasitiki ndi chakudya cha nkhuku amaugula matani. Pa thumba palembedwa calcium carbonate, inu mwatsegula buku mwaona 2836.50 calcium carbonate, mwati basi ndapeza. Dikirani kaye. Funso la kasitomu si dzina la pa thumba, funso ndi lakuti ufawu unapangidwa bwanji. Ngati anakumba mwala, kuutsuka, kuuphwanya, kuupera, kuusefa, osachita china chosintha chilengedwe chake, ameneyo akadali mwala wa m'nthaka ndipo amapita ku chaputala 25, choko chachilengedwe pa 25.09, ufa wa marble kapena wa mwala wa laimu pa 25.17. Kaya aupere ukhale wosalala kuposa ufa woyera wa nsima, kupera sikuusamutsa.

Koma pali wina amene amapangidwa m'fakitale. Amaotcha mwala wa laimu, n'kuthira madzi, n'kulowetsamo mpweya wa carbon dioxide, ndiye calcium carbonate watsopano amadikha pansi woyera bwinobwino, pa pepala amalemba precipitated kapena PCC. Ameneyu ndiye mwini wake wa 2836.50. Ndiye tiyerekeze kuti ufa womwewo aukuta ndi stearic acid kuti uzisakanikirana bwino ndi pulasitiki, amati coated, watulukanso mu chaputala 28 chifukwa sulinso kemikolo imodzi payokha, wapita ku 38.24. Mwaona? Dzina limodzi, nyumba zitatu. Ndipo mwala uja mukangouotcha n'kusiya pomwepo mwapeza laimu wa 25.22. Chimodzimodzi magnesite, magnesium carbonate wokumbidwa pansi, ali pa 25.19, witherite ali pa 25.11 ngakhale kuti ndi barium carbonate.

Izi sindikuzipeka ayi, zili m'manotsi a kumayambiriro kwa chaputala chilichonse, aja anthu amawadumpha pothamangira manambala. Buku la HS lili ndi malamulo 6 otanthauzira, ndipo loyamba limanena kuti maina a machaputala ndi ongokuthandizani kupeza tsamba, chimene chimagamula ndi mawu a hedingi ndi manotsi. Ndikupemphani abale anga, werengani notsi yoyamba ya chaputala 25 ndi yoyamba ya chaputala 28, ndi zazifupi.

Kusakaniza nakonso kumasamutsa katundu. Soda wophikira akasakanizidwa ndi asidi waufa ndi sitachi wasanduka baking powder, ameneyo ali ku zakudya pa 2102.30. Akapangidwa mapilitsi a chilungulira ali ku mankhwala, 30.04. Soda ash wosakanizidwa kale ndi zotulutsa thovu ndi sopo waufa basi, 34.02.

Mwina mukuti, nanga nambala yokha ingandipweteke chani? Nambala ndi imene imauza ASYCUDA, kompyuta ya kasitomu ija, msonkho woti mulipire komanso ngati katunduyo akufuna chilolezo. Nambala yomweyo iyenera kugwirizana ndi ya pa satifiketi yosonyeza kumene katundu wapangidwa, ya SADC ngati akuchokera ku Botswana kapena ku South Africa, ya COMESA ngati ndi soda ash wa ku Magadi ku Kenya. Zikasemphana, kuchotseredwa msonkho kuja kukhoza kukanidwa, thiraki yaima pa boda, dalaivala akukuimbirani, mwini thiraki akuwerenga masiku, ndipo chindapusa chikhoza kubwera pamwamba. Kwa munthu amene mpamba wake wonse uli m'thiraki imodzi, zimenezi zimandimvetsa chisoni kwambiri.

Ndiye musanatumize ndalama, pemphani wogulitsa mapepala awiri, certificate of analysis yonena zimene zili mu ufawo ndi safety data sheet yonena kuopsa kwake ndi kagwiridwe kake. Yang'anani nambala ya CAS, nambala yozindikirira kemikolo iliyonse, soda ash ndi 497-19-8, soda wophikira 144-55-8, calcium carbonate 471-34-1. Koma chenjerani, CAS ya calcium carbonate siyikuuzani ngati ndi wopera kapena wa m'fakitale, mufunse mwachindunji, ground kapena precipitated, coated kapena ayi, ndipo ayankhe polemba. Invoisi ya ku China ikabwera ndi manambala aatali musakopere onse, tengani 6 oyambirira, muwatsimikize nokha, otsalawo muwapeze mu tarifi ya kuno. Pokayikitsa lemberani a ZIMRA katundu asananyamuke.

[Akukweza mbale yachitatu]

Iyi ndi nkhani ya dziko lino. Ku Bikita ndi ku Arcadia pafupi ndi Goromonzi amakumba lithium, ndipo mu December 2022 boma linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonzedwa. Mwala wa lithium wotchedwa spodumene ngakhale auyeretse n'kukhala concentrate, m'buku ukadali pa 2530.90, chaputala cha miyala. Ukadutsa m'ng'anjo ndi mu asidi n'kukhala lithium sulphate walowa chaputala 28 pa 28.33, ukapitirira mpaka lithium carbonate wopangira mabatire ndiye 2836.91. Ndipo popanga gawo lomalizalo amathiramo soda ash, yemwe uja wa m'mbale yoyamba.