Phunziro la zakuthambo liziyambira panja, buku lizibwera pambuyo

Zikomo apampando, mafumu athu, ahedi, aziphunzitsi ndi makolo nonse, monire mose. Ndiyankhula Chichewa poti muno mu Mzuzu tinasakanikirana, amene muli kumbuyoko ngati simukumva mungokweza mkono.

Mwana wathu amatha kuloweza mapulaneti onse 8 kuyambira Mercury mpaka Neptune, mayeso nkukhoza bwinobwino, koma mukamutulutsa panja madzulo kuti tandilozere imodzi yokha, amangoti kakasi. Zimenezi zimandipweteka. Labotale sitili nayo, telesikopu sitili nayo, izo nzoona, koma thambo liripo pamwamba pa Chibavi, pa Zolozolo, pa Mchengautuba, ndipo magetsi akazima ndiye limaoneka bwino koposa. Ndiye pempho langa ndi lakuti mwana ayambe waona yekha, alembe zomwe waona, mphunzitsi afotokoze pambuyo.

Ena muti sukulu imakhala masana, nyenyezi tiziona bwanji? Dzuwa ndi nyenyezi, tiyambire pomwepo. Zikani ndodo yowongoka pabwalo la sukulu, ana aziyeza chithunzithunzi chake masana dzuwa lili paliwombo, kamodzi pa sabata, aziika kamwala pomwe chathera nkulemba tsiku. Mu Juni, nthawi ija kuno timavala majuzi awiriawiri, chithunzithunzi chimakhala chachitali ndipo chimaloza kummwera chifukwa dzuwa limadutsa chakumpoto. Mu Disembala chimafupika nkuloza kumpoto. Ndiye pali chosangalatsa, Mzuzu ili pa madigiri pafupifupi 11 ndi theka kummwera kwa ikweta, choncho kawiri pa chaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi cha pa 19 Febuluwale, dzuwa limadutsa pamutu penipeni, ndodo ija chithunzithunzi nkusowa. Ana a ku London kapena ku Cape Town zimenezi sangazione kwawo ngakhale atadikira chaka chonse. Mwana akaona zimenezi ndi maso ake, pamenepo mungamuuze kuti dziko ndi lopendekeka ndi madigiri 23 ndi theka, ndipo nkomwe kumachokera nyengo yozizira ndi yotentha, osati kuti tayandikira kapena tatalikira dzuwa ayi.

Mwezi nawo umaoneka masana, aphunzitsi. Pakapita masiku angapo utakhala wathunthu, yang'anani kumadzulo nthawi ya asembule, muupeza uli mbee. Apatseni ana ntchito yojambula mwezi tsiku lililonse kwa mwezi umodzi, kumapeto kwa kope, alembe nthawi ndi mbali yomwe awuona. Okha adzazindikira kuti umatuluka mochedwerapo tsiku ndi tsiku, pafupifupi mphindi 50, komanso kuti kuchokera mwezi watsopano kufika wina pamapita masiku 29 ndi theka. Akamaliza, tsekani mawindo, yatsani tochi, mwana agwire lalanje lobaya pa kamtengo patsogolo pake azitembenuka nalo pang'onopang'ono. Tochi ndi dzuwa, lalanje ndi mwezi, mutu wa mwanayo ndi dziko. Aona lalanje likuwala kachigamba, kenako theka, kenako lonse. Ambiri, ngakhale akuluakulu, amaganiza kuti mwezi ukachepa ndiye kuti chithunzithunzi cha dziko chauphimba. Ayi, izo zimachitika pa kadamsana basi. Ndipo funsani anawo chifukwa chake asodzi a ku Nkhata Bay amakonda usiku wamdima, amayatsa nyali kuti usipa usonkhane, mwezi ukawala nyali zija sizikopanso bwino. Mwana wa mayi wogulitsa usipa mumsika ayankha funso limeneli asanatsegule buku.

Zojambula za m'mabuku zimanamiza pa mtunda chifukwa tsamba ndi laling'ono. Pitani nawo kugiraundi. Dziko likakhala mpira wamiyendo, mwezi ndi ndimu, ndipo wonyamula ndimuyo aime mamita 6 ndi theka kuchokera pa mpira. Dzuwa ndiye lingakhale chimpira cha mamita 24 chili pa mtunda wa makilomita awiri ndi theka. Mtunda weniweni ndi makilomita 150 miliyoni, kuwala kwake kumayenda mphindi 8 kuti kutipeze. Apa masamu alowa kale, mphunzitsi wa masamu asanene kuti sizikumukhudza.

Tsopano makolo, gawo lausikuli ndi lanu. Sindikunena kuti ana, makamaka atsikana, aziyenda usiku kupita kusukulu, ayi ndithu. Kuno kumada msanga, ikamati 7 koloko nyenyezi zatuluka kale, mwana aimirire pakhomo ndi inu nomwe mphindi khumi zokha. Agogo ali nazo zambiri. Amadziwa Nsangwe, kagulu kaja kamatuluka kummawa madzulo mvula ikamayandikira cha mu Novembala, amadziwa Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija, amadziwa Mlalang'amba. Makolo akale ankati mwezi uli ndi akazi awiri, wakumadzulo amaudyetsa bwino nkunenepa, wakummawa amaumana nkuwonda. Mphunzitsi asaseke nthano imeneyi, chifukwa anthu aja anayang'anitsitsa, kamwezi katsopano kamaonekadi kumadzulo nkumakula, kotha kamaoneka kummawa mbandakucha. Chongowonjezera nchakuti akazi awiriwo ndi chinthu chimodzi, pulaneti ya Venus, nthanda yomweyi, nthawi zina imaoneka madzulo nthawi zina mmamawa.

Chifunga ndi mitambo ya kuno ndikuidziwa, mvula imatichedwera kusiya. Tsiku lomwe kwaphimba mwana alembe kuti lero mitambo, nazonso ndi zotsatira. Koma aphunzitsi ikani maphunziro ausikuwa miyezi yopanda mvula. Amene muli ndi foni yamakono ikanimo pulogalamu ya Stellarium, imakuuzani dzina la chomwe mukuona. Wina akakhala ndi mabainokyula abwereke sukulu, mukawatsamiritsa pa mpanda kuti asagwedezeke mutha kuona timadontho pambali pa Jupiter, miyezi yake yomwe katswiri wa zakuthambo Galileo anaiona mu 1610.

Wina anandifunsa panja paja kuti kodi zimenezi mwana angadye nazo? Ku South Africa, m'chipululu cha Karoo, kuli telesikopu ya MeerKAT ya madishi 64, ndipo akumanga ina yaikulu ya SKA yomwe anzathu a Zambia ndi Mozambique ali nawo m'gulu. Kumeneko kumafunika mainjiniya, akatswiri a makompyuta ndi masamu. Koma ngakhale mwana asakafike kumeneko, amene waphunzira kuyeza, kulemba ndi kufunsa kuti chifukwa chiyani, mudzamuona kusiyana kwake kumunda, kuchipatala, paliponse.

Chomaliza, ndipo ichi muchigwire. Mwana asayang'ane dzuwa mwachindunji, kaya ndi magalasi akuda, kaya galasi lofukizidwa utsi, mabainokyula ndiye ayi ayi, diso limapsa osamva kuwawa ndipo nthawi zina silichira. Ambiri mukukumbukira kadamsana wa pa 1 Seputembala 2016 uja anadutsa ku Tanzania ifenso nkumuona mbali yake. Akadzabweranso wina, boolani kabowo pa katoni, mufulatire dzuwa, muone chithunzi chake pansi kapena pa pepala, ngakhale pansi pa mtengo wa mango timawanga ta kuwala timasanduka timiyezi. Kadamsana wa mwezi yekha ndiye onani ndi maso momasuka.

Ahedi, ndodo ndi ya ulere, tingapeze kalasi imodzi yoti iyambe kuyeza Lolemba likubwerali? Apampando, ndabweza kwa inu, mafunso abwere.